Jekete Ndinalisiya pa Msomali

Chifuwa changa chimadziwa miyezi kuposa ine mwini wake. Meyi akangofika kumapeto, mphepo ya kudambo ikayamba kulowa pansi pa chitseko, icho chimayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Kuchipatala amati ndi mphumu. Malemu akazi anga ankati ndi makani, chifukwa ndinkalawirira kudimba nkhungu isanachoke, mapazi m'madzi ozizira, makeni awiri othirira m'manja. Onsewa ankanena zoona.

Ndine mkamwini, kapena ndinene kuti ndinali. Kwathu kwenikweni ndi cha ku Nambuma, koma ndinachokako ndili mnyamata kutsata mkazi monga mwa mwambo wathu, ndipo ndinakhala pamudzi wa akazi anga, kufupi ndi Kabudula, zaka zoposa makumi atatu. Nditangofika, apongozi anga aakazi anandilozera malo kumunsi kwa dambo. Anali malo a bango ndi matope, okanidwa ndi aliyense, moti ngakhale ng'ombe zinkawalambalala. Ndikuganiza kuti ankafuna kuona ngati mlendoyu ali ndi msana. Ndinazula bango lija ndekha, ndinakumba zitsime ziwiri, ndinazunguliza mpanda wa khonje, ndinabzala nthochi ndi nzimbe m'mbali. Pakati ndinkalima mpiru, anyezi, tomato ndi chimanga chachiwisi. Dimba limenelo ndi limene linaphunzitsa mwana wathu wamkazi, mmodzi yekha amene Mulungu anatisiyira, mpaka anayamba kuyankhula Chingerezi chimene ine sindimva.

Akazi anga anamwalira nthawi ya dzinja, chimanga chikumasula. Maliro atatha, mchimwene wawo wamkulu, mwini mbumba wa pamudzipo, anandiitanira pambali. Alamu angawa ndi munthu wofatsa pakamwa. Sanayambe andikalipirapo, ndipo sanayambe andithandizapo.

"Alamu," anatero, "za kusudzula tidzakamba tikakolola. Panopa khalani ndi mtima m'malo."

Kwa amene sakudziwa, kusudzula ndi uku. Mkazi akamwalira, abale ake amaitana mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ankhoswe ake, amamuthokoza, ndipo amamumasula kuti ukwati watha, akhoza kubwerera kwawo kapena kukwatira kwina. Munda ndi dimba si zake, ndi za mbumba ya mkazi. Koma pamwambo womwewo ana akhoza kuimirira n'kunena kuti bambo athu sapita kulikonse, ndipo ngati munthuyo anakhala bwino ndi anthu, amamusiya akalambire pomwepo. Ndinaonapo zikuchitika kangapo. Ine sindinade nkhawa. Ndinali ndi mwana wodziwa kuyankhula, ndinali ndi zitsime ziwiri zoti zindichitire umboni, komanso pakamwa panga panali pabwinobwino.

Titangomaliza kukumba mtedza, mwana uja anayamba kuimba foni. Iye amakhala ku Liwonde, kumene mwamuna wake amaphunzitsa pa koleji ina ya aphunzitsi.

"Ababa, bwerani mudzakhale kuno miyezi yozizirayi. Kuno kulibe chisanu. Chaka chatha munatsala pang'ono kutisiya."

"Nanga nazale yanga athirire ndani?"

"Nazale ndi yofunika kuposa moyo wanu, eti?"

Ndinakana kawiri. Kachitatu sanaimbe, anangotulukira pa galimoto ya mwamuna wake Loweruka lina m'mawa, n'kuyamba kulongedza zovala zanga ngati ndine mwana wopita kusukulu yogonera komweko. Nditatenga jekete langa lalikulu lija, lakuda, limene ndinkavala popita kudimba, anandigwira dzanja.

"Limenelo lisiyeni, ababa. Kumene tikupitako mukapsa nalo."

Ndinalibwezera pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo ndinachita dala. Mumtima ndinkati munthu wosiya jekete lake pa msomali sanasamuke, wangopita kukacheza. M'thumba mwake munali mbewu za mpiru zimene ndinasankha ndekha, zokulunga m'kapepala. Ndinawerengera kuti ndikabwera kumayambiriro kwa Ogasiti ndidzafesa, ndipo sindidzakhala nditachedwa kwenikweni.

Alamu aja anabwera kudzatsanzikana nane. Ananyamula chikwama changa kuchokera pakhonde mpaka kugalimoto, anthu onse a pamudzi akuona. Munthu amene pa zaka makumi atatu sanandinyamulirepo ngakhale mpini wa khasu! Ine chitsiru ndinakhudzidwa mtima, ndinati imfa yatiyanjanitsa.

"Pitani mukaothe, alamu," anatero akutseka chitseko cha galimoto. "Kuno tikuyang'anirani."

Tinadutsa ku Dedza ndikunjenjemera, ndikutukwana mwana uja mumtima chifukwa cha jekete. Koma titatsetsereka kupitirira Ntcheu, mpweya unayamba kusintha. Pofika ku Balaka ndinali nditavula juzi. Ku Liwonde ndinatsika m'galimoto, ndinakoka mpweya mpaka pansi pa mimba, ndipo palibe chimene chinalira m'chifuwa. Ndinaimirira pomwepo ndikupumira dala ngati munthu woyesa nsapato zatsopano.

Ndisaname, ndinasangalala kumeneko, ndipo ichi ndi chimene chimandipweteka kwambiri lero. Nyumba yawo ili mkati mwa mpanda wa koleji. M'mawa ndinkasamba madzi a pampopi osatenthetsa, mwezi wa Juni, ine amene kwathu ndinkachita kukambirana kaye ndi beseni ndisanaviike chala. Ndinkadya nsomba zaziwisi za mu Shire pafupifupi tsiku lililonse. Ndinkagona ndi nsalu imodzi yokha. Udzudzu wokha ndi umene unkandikumbutsa kuti padziko pano palibe malo opanda vuto.

Ntchito yanga inali kukhala pampando pansi pa mtengo wa mango n'kumaonerera ophunzira akudutsa. Anthu a kumeneko amandiseketsa. Kukangowomba kamphepo pang'ono m'mawa, mumawaona atavala majuzi, zipewa zaubweya, ena mpaka magolovesi, akudandaula kuti kwazizira koopsa. Ndinkalakalaka kuwanyamula onse pa lole n'kukawatsitsa kudambo la kwathu tambala atangolira kachiwiri, aone chimene anthu amatcha chisanu. Koma anali aulemu. Ankandipatsa moni atagwira mabuku pachifuwa, ena m'Chiyao, ena m'Chitumbuka, ndipo ine ndinkangoyankha m'Chichewa changa cha ku Kabudula.

Patapita milungu iwiri manja anayamba kundiyabwa. Tsiku lina ndinatenga ndowa n'kuyamba kuthirira maluwa a kutsogolo kwa ofesi ya koleji, amene ankaoneka kuti akufa ndi ludzu. Mpongozi wanga, mwamuna wa mwana wanga uja, anabwera chothamanga, tayi ili pakhosi, nkhope itagwa ndi manyazi.

"Bambo, chonde, pali anthu ake olembedwa ntchito imeneyi. Anzanga aziti chiyani?"

Ndinatula ndowayo. Sindinadziwe kuti kuthirira duwa kungachotsere munthu ulemu.

Kenako ndinatulukira kuti kuseri kwa malo ogona ophunzira kuli kadimba kophunzirira za ulimi. Ndinawapeza akuwokera tomato masana dzuwa lili pamutu, mbande zili zopanikizana, mizu ili pamtunda. Ndinalephera kupirira. Ndinawauza kuti mbande amawokera madzulo, ndinawaonetsa kazulidwe kake ndi dothi lake lomwe, ndinawaphunzitsa kuphimbira ndi udzu. Iwo anatulutsa makope n'kumalemba zimene ndikunena. Kulemba mawu anga, ine wa Sitandade 6! Kuyambira tsiku limenelo ndinkapitako madzulo aliwonse, ndipo ankandidikira. Ndinanyada, ndinatupa, ndinaiwala kuti ndikuphunzitsa anthu kusamala dimba la eni pamene langa lili lokha.

Juni atatha ndinati ndizipita. Mwana uja anati Julaye ndiye woipitsitsa, ndidikire. Sindinalimbane naye.

Chapakati pa Julaye foni yanga inalira ndili pansi pa mango paja. Anali mng'ono wawo wa malemu akazi anga, mayi wamanyazi amene dimba lake linachita malire ndi langa. Ankayankhula motsitsa mawu.

"Alamu, kodi mubwera liti?"

"Mwezi wamawa. Kwagwanji?"

"Kuno anthu aviika chimera. Akuti mowa ndi wa mlungu wamawa."

"Mowa wa chiyani?"

"Ingobwerani, alamu. Ine sindinanene kanthu."

Anadula. Ndinalowa m'nyumba n'kumupeza mwana wanga akusankha mpunga. Ndinamufunsa ngati akudziwa za mowa umene ukufululidwa kumudzi. Sanadzutse mutu. Anati mwina ndi wa chiliza cha munthu wina, poti ino ndi nyengo yake, ndipo anandifunsa ngati ndikufuna tiyi.

Apa ndiye pamene ndimadziimba mlandu. Ndinabadwa m'mwambo umenewu, ndinakhalapo nkhoswe ya anthu ena, ndinkadziwa bwino lomwe mowa umene umafululidwa pamudzi pamene pamwalira mkazi wa mwini chaka chomwecho. Basi yopita ku Lilongwe inkadutsa pamsewu tsiku ndi tsiku. Koma ndinaganiza za nkhungu ya kudambo, za kubanika kuja kokhala ngati munthu wakukhalira pachifuwa, ndipo ndinadziuza kuti sangasudzule munthu iye palibe. Ndinamwa tiyi uja. Madzulo ake ndinapita kukaona tomato wa ophunzira, amene anali atayamba maluwa.

Ogasiti atalowa sindinapemphenso chilolezo kwa wina aliyense. Ndinakwera basi ndekha, kenako minibasi, kenako njinga ya kabaza. Ndinafika dzuwa litapendeka, ndipo sindinayambe kunyumba. Ndinauza wakabaza anditsitse panjira ya kudambo. Ndinkayembekezera kupeza udzu, mpanda wogumuka, mwina ng'ombe zitadya nzimbe zanga. Ndinali nditakonzeka kukwiya ndi zimenezo.

Ndinapeza dimba lili biriwiri. Mpiru wofika m'mawondo, mabedi ali m'mizere yanga yomwe ija, pakhomo pali chitseko chatsopano cha nsungwi. Nthochi za kumtunda anazidula kuti awonjezere malo. Pachitsime chakumunsi, chimene ndinakumba chaka chimene mwana wanga anabadwa, panali alamu aja atapinda buluku, akutunga madzi ndi makeni anga. Ndinawadziwa makeniwo chifukwa limodzi ndinalimanga chogwirira ndi waya.

Atandiona sanadzidzimuke. Anatula makeni, anapukuta manja, anandipatsa moni wautali, kufunsa za ana, za ulendo, za chifuwa.

"Mwanenepa, alamu! Kwakuyanjani kumene kuja. Tiyeni kumudzi, nkhani sitikambira kudimba."

Kumudzi ananditengera pakhomo pa nyumba yanga, koma sanandilowetse. Ananditulutsira mpando panja. Mtsikana wina wa pamudzipo, mdzukulu wa apongozi anga amene anali atangokwatiwa kumene, anatuluka m'nyumba yanga n'kundigwadira, akundipatsa madzi akumwa m'kapu yanga. Anthu anabwera mmodzimmodzi kudzandilonjera, aulemu onse, monga timachitira ndi mlendo wochokera kutali. Pamenepo m'pamene ndinayamba kumva kuzizira, ngakhale mphepo kunalibe.

Alamu anakhala pansi n'kufotokoza mosathamanga.

"Mwambo tinachita mwezi watha. Muphwa wanu anabwera kuchokera ku Nambuma kudzaimira ankhoswe anu. Tinakusudzulani bwinobwino, mwaulemu wake. Palibe amene anakunenerani choipa. Onse anati munali mkamwini wolimbikira."

"Kundisudzula ine palibe?"

"Munali mutachoka kale, alamu. Mudzi wonse unaona mukukwera galimoto ndi chikwama. Ndinanyamula ndine. Ndiye tinati munthu wadzisankhira yekha, ife tingomaliza mwambo kuti asamangike."

"Ndinapita kukathawa chisanu! Munanena nokha kuti ndipite ndikaothe."

"Ndinanena. Koma dimba siligona m'chilimwe, inu mukudziwa kuposa tonsefe. Mwezi wonse wa Juni linali lokha, ng'ombe zinayamba kulowa."

"Nanga mwana wanga? Iye ndiye mwini dimba. Munamufunsa?"

"Tinamufunsa pa foni, anthu onse akumva. Anati ababa ndikhala nawo kuno, dimbalo atsibweni lilimeni lisagone."

Ndinafufuza m'mutu mwanga mawu onse amene ndinakonza miyezi yapitayo, a bango, a zitsime, a maliro onse amene ndinakumba nawo manda pamudzi umenewu. Mawuwo analipo, koma bwalo loti ndikawanenere linali litabalalika milungu iwiri yapitayo. Chimene chinatuluka pakamwa panga chinali chopusa.

"Koma jekete langa ndinalisiya pa msomali."

Alamu sanaseke. Akanaseka zikanakhalako bwino.

"Jekete si munthu, alamu. Lili m'khitchini umo pamodzi ndi katundu wanu. Palibe chasowa."

Ndipo zoonadi palibe chinasowa. Anthu amenewa si akuba. Zonse zinali m'matumba atatu a feteleza, zomanga bwino, makasu anga awiri atatsamira khoma, jekete lopindidwa mosamala lili pamwamba. Ndinapisa m'thumba, kapepala ka mbewu kanali momwemo. Mayi uja amene anandiimbira foni anaima pakhomo pa khitchini akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Sindinamukwiyire. Iye yekha ndi amene anachita mbali yake.

M'mawa mwake ndinapempha kuti andiperekeze kumanda, ndinakaima pang'ono pamene pagona akazi anga. Ndinaganiza zopita ku Nambuma, koma kukatani? Alongo anga onse anapita, minda anagawana adzukulu, ndipo muphwa wanga amene anamwa mowa wondisudzula sanaone chifukwa chondiimbira ngakhale foni. Kumeneko ndikanakhala mlendo woposa kuno.

Ndikumangirira matumba panjinga ya kabaza, alamu anatulukira kuchokera kudambo, mame ali m'miyendo, atanyamula mtolo waukulu wa mpiru womanga ndi luzi.

"Tengani aka, alamu, akadye ana. Musapite chimanjamanja."

Ndinauyang'ana mpiru uja. Masamba ake anali aakulu, obiriwira mochita kuda, monga umakhalira ukamera pa manyowa amene ndinathira ndekha mvula itangosiya. Ndinkafuna kuwaponyera kumaso. Anthu anali ataima m'makonde akuonerera. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinawerama pang'ono, ndinati zikomo kwambiri. Zaka makumi atatu za ukamwini zimaphunzitsa thupi ulemu umene mtima sukuufuna.

Ndinavala jekete lija ulendo wonse. Ku Balaka thukuta linali kuyenderera, anthu m'basi akundiyang'ana ngati wodwala mutu, koma sindinavule. Ndinalowa nalo m'nyumba ya mwana wanga, ndinaika mpiru patebulo. Iye atangoona matumba a feteleza aja anakhala pansi.

"Unkadziwa," ndinatero.

"Ababa, mukanafera kudimba kuja. Amayi ali m'chipatala anandiuza kuti ndikusamaleni. Atsibweni anali atatsimikiza kale mtima, ndiye ndinati kusiyana n'kuti akuchititseni manyazi pagulu..."

"Ukanaimirira iwe pagulupo. Ndi ntchito yokhayo imene ndinkakudikira nayo."

"Ndikanaimirira kuti mukhale nokhanokha kumene kuja, mukubanika, wokupatsani madzi palibe?"

"Ukanandifunsa."

"Mukanakana."

"Eya, ndikanakana. Kukanako kunali kwanga."

Analira, ndipo ine sindinamutonthoze. Ndikudziwa kuti sanachite mwa nkhanza. Alamu anga ankafuna dimba, zimenezo n'zomveka, munthu amafuna chimene chili chabwino. Koma mwana wanga ankafuna ine, ndipo anandipeza monga mmene munthu amapezera nkhuku, kuiwazira chimanga mpaka ilowe yokha m'khola. Mpaka lero sindidziwa kuti mwa awiriwa ndikwiyire ndani kwambiri, ndiye nthawi zambiri ndimangodzikwiyira ndekha ndi tiyi uja.

Madzulo a tsiku limenelo anaphika mpiru uja wotendera. Mpongozi wanga, amene sankadziwa chilichonse kapena ankanamizira, anadya mosangalala mpaka kunyambita zala.

"Koma ndiwo za kwanu n'zokoma, bambo. Kuno sitingazipeze zotere. Mumathira chiyani?"

"Manyowa a ng'ombe," ndinayankha, "ndi madzi a chitsime chakumunsi."

Ndinasamba m'manja n'kudzuka osadya ngakhale mbamu imodzi.

Nyengo yozizira yadutsa kawiri tsopano ndili kuno. Chifuwa sichinalirepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo aliyense wondiona amati ndikuoneka bwino, mwana wanga anachita nzeru. Ophunzira aja anamaliza, kunabwera ena amene sandidziwa, ndipo kukadimba kawo ndinasiya kupitako. Ndinapempha msomali umodzi, ndinaukhoma kuseri kwa chitseko cha chipinda chimene anandipatsa. Mwana wanga wandiuza kangapo kuti jeketelo tipatse munthu wina, poti kuno lilibe ntchito ndipo likungosunga mphemvu. Ndimamuuza kuti alisiye pomwepo. Mbewu zija zikadali m'thumba, ngakhale ndikudziwa kuti pofika pano sizingamerenso.